Kucokera pa ZCBC Kufika pa Eagle: Kodi Unga Wochipa Umafika ku Bauleni?

Masankho akamayandikira, monga mwa nthawi zonse mtengo wa unga umabwereranso pakamwa pa andale. Akuluakulu a m'makomboni athu akamva malonjezo otere amakumbuka maina atatu: ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni. Awa anali mashopu a boma m'nthawi ya a Kenneth Kaunda, ndipo ambiri amati masiku amenewo zinthu zinali zochipa. Sakunama. Koma mashopuwo anatha, makuponi a unga amene anabwera pambuyo pake sanakhalitse, ndipo banja la ku Bauleni likali kugula unga wa tsiku limodzi m'kapepala ka pulasitiki. Tisanaombere m'manja lonjezo lina, ndi bwino tione cimene cinapha mashopu ochipa akale, ndiponso amene anapindula nawo kwenikweni.

Mu April 1968, ku Mulungushi, a Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu angapo, kuphatikizapo masitolo a CBC ndi OK Bazaars. Apa ndi pamene panayambira malonda a boma a m'mashopu. Colinga cinali cabwino: mwana wa dziko lino agule unga, shuga, mcere, sopo ndi saladi pa mtengo umene angakwanitse. Boma ndilo linali kuika mitengo, ndipo ndalama yotsala pakati pa mtengo weniweni wa cinthu ndi mtengo wa pa shelefu inali kucokera ku mkuwa. Malinga mkuwa unali kugulidwa bwino kunja, zonse zinali kuyenda.

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, pamene mafuta a galimoto anali atakwera kale. Ndalama zakunja zoitanitsira katundu zinasowa, koma mitengo ya m'mashopu inakhalabe yotsika cifukwa lamulo linali kutero. Zotsatira zake ambiri a ife timazikumbuka. Anthu anali kulawira m'bandakuca kukaima pa mzere asanadziwe n'komwe cimene cabwera tsiku limenelo. Amene anali ndi mbale wake wosewenza m'shopu anali kumva msanga za katundu. Ena anali kugula n'kukagulitsa pa mtengo wapamwamba kunja kwa shopu yomweyo, ndipo unga wambiri unali kuolotsedwa mobisa kupita ku Zaire. Pa pepala sopo anali wochipa, koma pa shelefu panalibe.

Pamene boma linayesa kucepetsa ndalama zimene linali kuika pa unga, magazi anakhetsedwa. Mu December 1986 mtengo wa unga wa breakfast unakwera kupitirira kawiri, ku Copperbelt kunabuka cipolowe, ndipo anthu 15 anafa. Boma linabweza mtengo, linalanda zigayo zikuluzikulu za anthu wamba, ndipo pa 1 May 1987 linasiya pangano lake ndi IMF. Mu 1989 kunabwera makuponi oti mabanja osauka a m'matauni azigulira unga mochipa. Mu June 1990 mtengo unakweranso, cipolowe cinafika mu Lusaka muno, mashopu anathyoledwa, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo. Pa 30 June a Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, ngakhale kuti zinangotha maola ocepa. Mu July 1991 mipingo inakhazika pamodzi a Kaunda ndi a Frederick Chiluba ku Cathedral of the Holy Cross, ndipo mu October dziko linasankha boma latsopano. Makuponi anathera pomwepo, mashopu a boma anatsekedwa kapena kugulitsidwa, ndipo mu 1995 Shoprite inatsegula shopu yake yoyamba pa Cairo Road.

Tisaganize kuti ndi mashopu a boma okha amene amafa. Kampani ya Choppies ya ku Botswana, imene inafika kuno mu 2015 ndipo imakonda kutsegula pafupi ndi makomboni, inalowa ku Kenya mu 2016, koma pofika 2020 inali itacokako. Pa nthawi yomweyo inatsekanso ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndi kugulitsa mashopu ake a ku South Africa. Kuno ikalipo. Shopu yochipa imadalira kugulitsa katundu wambiri ndi phindu locepa pa cinthu cimodzi. Ndalama ya dziko ikagwa, lendi ikakwera, malaiti akamazima mpaka kudalira jenereta, phindu locepalo limatha. Mtengo wotsika nthawi zonse uli ndi wina amene akuulipira: mkuwa, wokhoma msonkho, mlimi, wanchito wa m'shopu, kapena mwini kampani. Wolipirayo akatopa, zitseko zimatsekedwa.

Masiku ano boma labwereranso pa msika wa unga. Mu 2023 a Zambia National Service anayamba kugulitsa unga wa Eagle, thumba la makilogalamu 25 la breakfast pa K230 ndi la roller pa K190, ndipo a Zambia Correctional Service ali ndi wao wa Kalonga. Mabanja ambiri anapumako, makamaka pamene cilala cinafika ndipo Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Komabe mizere inabwereranso, pamodzi ndi madandaulo akuti ena akugula unga wochipawo n'kukaugulitsa modula. Palinso mbali ina imene sitiyenera kuiiwala. A Food Reserve Agency anakweza mtengo wogulira cimanga kucoka pa K180 thumba la makilogalamu 50 mu 2022 kufika pa K280 mu 2023 ndi K340 mu 2025. Ambiri a ife tili ndi makolo ndi abale olima ku Chipata, ku Petauke kapena ku Katete. Mtengo umene ukutiwawa ku tauni ndi womwewo umene ukuwagulira feteleza kumudzi.

Tsopano tibwere ku Bauleni. Komboni imeneyi ili m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill, moyandikana ndi Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill, kumene anthu ake ambiri amasewenza m'nyumba, m'madimba a maluwa ndi pa mageti. Kuyambira January 2024 malipiro otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba mwa lamulo anaikidwa pa K1,300 pa mwezi. M'caka comweco a Jesuit Centre for Theological Reflection anawerengera kuti zofunika pa mwezi za banja la anthu asanu mu Lusaka zinapitirira K10,000. Ndipo ambiri alibe n'komwe malipiro a pa mwezi. Amadya za pisiweki, zogulitsa tomato, zophwanya miyala kapena zocapa zobvala.

Thumba la K230 limatanthauza K9.20 pa kilogalamu imodzi. Koma kuti munthu apeze mtengo umenewu afunika kukhala ndi K230 yonse pa tsiku limodzi, ndalama ya basi kapena ya wonyamula, ndi nthawi yoima pa mzere osacotsedwa nchito. Amai amene apeza ndalama zocepa madzulo sangakwanitse zimenezi. Amagula pamela, kabotolo ka saladi, shuga wa pa supuni ndi kapulasitiki ka malasha. Akaphatikiza mapamela a mwezi wonse amapeza kuti alipira zambiri kuposa amene anagula thumba lathunthu atabwera pa galimoto yake. Ndiye kuti shopu yochipa, ikhale ya boma kapena ya kampani, imathandiza poyamba amene ali kale ndi kanthu m'thumba. Zinali conco pa mizere ya ZCBC, ndipo zili conco lero.

Apa n'kosavuta kuloza cala mwini kantemba, koma tisafulumire. Iye ndiye amagawa thumba lija kukhala miyeso imene wosauka angaigule, amatsegula mpaka usiku, ndipo amalemba m'kabuku ngongole ya mnansi wake kufikira kumapeto kwa mwezi, cinthu cimene shopu yaikulu siingacite. Nthawi zambiri mwini kantemba ndi mkazi wamasiye wa mumpingo mwathu momwemo. Cimene sitingalole ndi cinyengo pa muyeso. Mneneri Amosi, m'caputala 8, anadzudzula amalonda ocepetsa muyeso ndi kukweza mtengo, ndipo mau ake amakhudza wa kantemba, wa cigayo ndi wa shopu yaikulu mofanana. Pali mabungwe a boma oyang'anira zimenezi, a Zambia Metrology Agency pa masikelo ndi a Competition and Consumer Protection Commission pa madandaulo a ogula, ndipo anthu athu ayenera kudziwa kuti ali ndi ufulu wokadandaula kumeneko.

Ngati vuto lalikulu ndi kusowa ndalama yogulira zinthu pamodzi, mipingo ili ndi pamene ingagwire. Magulu a azimai, acinyamata ndi madera a mpingo amadziwa kale cilimba ndi village banking. Mabanja khumi akasonkha pa sabata angagule matumba pa mtengo wa holoselo n'kugawana pa sikelo yolungama, pamaso pa onse, ndi buku losungidwa bwino. Ndalama za CDF, zimene zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo zakhala zikuonjezedwa, zili ndi gawo la magulu a azimai, acinyamata ndi makoparetivu. Atsogoleri a mipingo angathandize magulu otere kulembetsa ndi kufunsa kwa khansala za m'mene ndalamazo zikuyendera. Tizikumbukiranso kuti gulu logula pamodzi limafa ndi matenda omwe anapha mashopu a boma: kukondera, kusasunga mabuku, ndi kugulitsa pa mtengo wosabweza ndalama.

Kwa onse amene adzabwera ku Bauleni, ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George kudzapempha voti ndi lonjezo la unga wochipa, tili ndi mafunso anai. Ndani adzalipira ndalama yotsalayo, ndipo kwa zaka zingati? Mlimi adzalandira zingati pa thumba lake? Kodi ungawo udzagulitsidwa mkati mwa komboni, m'mapaketi ang'onoang'ono a makilogalamu awiri kapena asanu, pa mtengo wofanana pa kilogalamu? Nanga adzacita ciani kuti malipiro a anthu akwere, kuti banja lizitha kugula thumba lathunthu? Tikupempha abusa ndi akulu a mipingo kuti afunse mafunso amenewa poyera, kwa cipani ciliconse mosakondera, ndi kulemba mayankho ake kuti tidzawakumbutse masankho akapita.