Ndani Anakutumani Kutiyeletsa?

Temu yatha ana anga a Giledi 12 anasonkha ndalama kuti ajambulitse zithunzi za cikumbutso. Wojambula anabwela ndi kamela yake yodula, anawaimika pansi pa mtengo wa mango, ndipo patapita mlungu umodzi anabweletsa maenvulopu. Mtsikana wina, wakuda bii ngati ine, anatsegula yake. Nkhope inali yoyela mbee, mphuno yocepa, ndipo cipsela ca pacibwano, cimene ali naco kuyambila pamene anagwa pa njinga ali mwana, cinasowa. Anzake anakuwa kuti, "Iwe, wawama!" Nayenso anaseka. Koma belu italila anatsala m'kalasi n'kundifunsa kuti, "Ba ticha, kansi masiku onsewa sindinali kuwama?"

Funso limenelo ndalibweletsa kwa inu a masitudiyo, a mu tauni ndi a m'makomboni mwathu. Ndani anakutumani?

Ndidziwa zimene mudzayankha. Mudzati cithunzi cikapulintiwa cimada kuposa mmene cinali kuonekela pa kompyuta. Zimenezo n'zoona. Sikilini imapanga mitundu ndi kuwala kofiila, kobiliwila ndi kwa buluu, kumene mumati RGB. Pepala lilibe kuwala kwake, limadalila inki, ndipo makina a m'mapulinta aakulu amasakaniza inki zinayi za CMYK. Inki ikalowa m'pepala imafalikila pang'ono, motelo nkhope yakuda imatha kusanduka mdima wopanda maso. Koma mankhwala a vutoli mumawadziwa: kuunika munthu bwino pomujambula, kuwongola sikilini kuti isaname, kutsegula mithunzi pang'ono, ndi kupulinta kope loyesa musanatulutse zonse. Nchito ndiyo imeneyo. Kukoka kabatani ka mu Photoshop mpaka mwana wa ku Kanyama aoneke ngati wacokela ku Lisbon ndi ulesi cabe.

Ulesi umenewu uli ndi makolo ake. Kuyambila m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi lochedwa Shirley, lokhala ndi cithunzi ca mzimayi wacizungu. Makina anali kucunidwa kuti khungu lake lituluke bwino, enafe tidzionele tokha. M'ma 1960 ndi 1970 opanga cokoleti ndi mipando ya matabwa anadandaula kuti katundu wawo wofiilila sanali kuoneka bwino pa zithunzi, ndipo filimu inayamba kukonzedwa. Khadi lokhala ndi mzimayi wakuda linadzabwela m'ma 1990. Ganizilani: cokoleti inamveledwa ife tisanamveledwe. Manje kamela ili m'manja mwathu, ndipo tikupitiliza tokha nchito ya Shirley popanda wotikakamiza.

Mudzatinso makasitomala ndiwo amafuna. Ena amafunadi, ndipo wamkulu amene wapempha ndi pakamwa pake, ndi nkhope yake ndi ndalama zake. Koma mwana wa m'kalasi mwanga sanapemphe. Munamuyang'ana n'kugamula nokha kuti pali colakwika cofunika kukonza. Cikhumbo cimene mumati n'ca makasitomala mumacidyetsa ndinu. Mtsikana akaona kuti cithunzi coyela ndico cimalandila ma like pa Facebook, mawa adzafuna kuti galasi ligwilizane ndi cithunzico, ndipo mafuta oyeletsa khungu sasowa pa msika.

Ngakhale ochuka zimawagwela. Mu Novembala 2017 magazini ya Grazia ya ku Britain inaika Lupita Nyong'o pa cikuto itacotsa mbali ya tsitsi lake lacilengedwe n'kusalaza lotsalalo. Iye anadandaula poyela, ndipo wojambulayo anapepesa. Caka comweco dziko la France linayamba kulamula kuti cithunzi ca malonda cimene thupi la munthu lacepetsedwa kapena kunenepetsedwa pa kompyuta cizilembedwa kuti cakonzedwa. Lupita ali ndi anthu mamiliyoni omumvela. Mwana wa Giledi 12 ali ndi envulopu yake cabe.

Sindikuti kukonza zithunzi n'kulakwa. Cotsani kafumbi ka pa lenzi, ciphuphu cimene catuluka m'mawa, thukuta la Okutobala lonyezimila pamphumi. Zimenezo n'zopita. Koma khungu, mphuno, mpata wa m'mano ndi cipsela n'zake za munthu. Tsiku lina cithunzi cimeneco cidzafunika pa pulogilamu ya malilo, ndipo adzukulu adzafunsa kuti agogo anali kuoneka bwanji. Mudzakhala mutawanamiza.

Inu acinyamata, ndalama ndi zanu. Musanajambulidwe kambani momveka kuti khungu lisakhudzidwe. Pemphani fayilo yoyambilila pamodzi ndi yokonzedwa, ndipo aitumize pa WhatsApp ngati document, cifukwa ikatumizidwa ngati cithunzi wamba imafinyidwa, ndipo pa pepala lalikulu imatuluka yosaoneka bwino. Musanalipile, ikani cithunzico pafupi ndi dzanja lanu pa kuwala kwa dzuwa. Ngati mitundu yasiyana, cibwezeni.

Mtsikana uja tinabwelela naye kwa wojambula. Anang'ung'udza, koma anapulintanso kucokela pa fayilo yoyambilila. Cipsela cinabwelela pamalo pake. Amayi ake ndico cithunzi cimene anapacika pa cipupa.