NKHALAMBA NAZO ZIPIMIDWE ZISANAGWE

Mwana wosakwanitsa zaka 5 m'Zambia ali ndi khadi lake la kucipatala. Mwezi ndi mwezi amake amapita naye kusikelo, ndipo akayamba kuonda, mzere wa pa khadi umaulula matenda asanakule. Koma ambuye ake amene amamlera alibe khadi lotere. A cipatala amawaona pokhapo atagwa ndi kuthyoka m'ciuno, kapena atafika pa ngolo ali kayakaya.

Boma silinaziiwale nkhalamba. M'caka ca 2007 linayesa kupereka ndalama kwa a zaka 60 ndi kupitirira ku Katete, ndipo mu 2015 linakhazikitsa mfundo za dziko zoyang'anira okalamba. Koma zaka zokha sizinena cimene munthu akusowa. Mwa nkhalamba ziwiri za zaka 70, ina ikali kulima munda wake, pamene inzake siingafike kucimbudzi popanda woigwira dzanja. Thandizo loyenera limayamba ndi kupima.

Mu 2019 bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, WHO, linafalitsa buku lophunzitsa kupima zinthu 6 mwa wokalamba: mayendedwe, kadyedwe, maso, makutu, kukumbukira ndi cisoni ca mumtima. Kupima koyambaku sikulira makina. Nkhalamba ikhala pampando, manja itapingasa pacifuwa, niimirira ndi kukhalanso kasanu. Ikalephera kutero m'masekondi 14, ndiye kuti miyendo yayamba kufooka. Wopima anong'ona mau kumbuyo kwake kuti adziwe ngati ikumva. Aiuza maina a zinthu 3, naifunsa pambuyo pake ngati ikuwakumbukira. Aifunsanso ngati yataya makilogramu 3 m'miyezi 3. Ndipo poti kumudzi sikelo ndi ya ana, lamba wa buluku kapena citenje cimene cayamba kukhwepa ndico mboni.

Komabe mafunso afunika nzeru. Bukulo lifunsa tsiku ndi mwezi. Nanga mai amene moyo wake wonse wawerenga nyengo ndi dzinja ndi masika, akaphonya deti, wadwala kodi? Afunsidwe monga iye amawerengera, m'cilankhulo cake, ndiponso paseri. Nkhalamba yofunsidwa pamaso pa mpongozi wake imangoyankha kuti zonse zili bwino, ngakhale yagona ndi njala.

Zambiri zopezeka pakupimaku zili ndi mankhwala ake. Ng'ala ya m'maso imacotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu naonanso. Ugonthi wina ndi phula lodzala m'khutu basi. Ngakhale matenda oiwala, amene sacira, kuwadziwa msanga kumapulumutsa moyo. Mai wokalamba wosokera usiku, napezeka m'mamawa pakhomo la eni ake, kawirikawiri amanenedwa kuti ndi mfiti, cinkana lamulo la dziko limaletsa kunenera munthu ufiti. Mudzi ukadauzidwa kale kuti ubongo wake wadwala, anthu akadangomgwira dzanja ndi kumperekeza kwao.

Anthu ogwira nchitoyi alipo kale. Kuyambira mu 2011 dziko lakhala likuphunzitsa othandiza zaumoyo a m'midzi, ndipo makomiti oyang'anira osowa amadziwa khomo la nkhalamba iliyonse. Catsala ncakuti Unduna wa Zaumoyo usindikize khadi la okalamba, nulamule kuti sikelo ya ana ikatha, wazaumoyo ayendere nyumba za iwo amene sangathe kubwera okha.