Mwana Akapempha Kukwera Bwato la Thanga

Amayi anzanga, ife a kuno ku Mzimba tinakulira kumtunda. Za ng'ombe timazidziwa, za chimanga ndi nyemba timazidziwa, koma madzi akuya timawaopa, ndipo mantha omwewo timapatsira ana athu. Mwana akangoyandikira mtsinje wa Rukuru kapena damu la Luwawa, mawu athu ndi amodzi okha: "Choka kumeneko!" Sabata ino ndifuna tikambirane za mpikisano wa mabwato a thanga, masewera amene ambiri timawayesa a alendo okhaokha, pakuti muli phunziro lokhudza moyo wa ana athu.

Bwato la mpikisano ndi laling'ono ndipo lilibe injini. Limayenda ndi mphepo yokankha thanga, nsalu yolimba yomangidwa pamlongoti. Ena amapikisana ali okha, ena awiriawiri: wina kugwira chiwongolero, mnzake kukoka zingwe ndi kupendekera kunja kuti bwato lisagwere mbali imodzi. Bwato lotere silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limapita mokhotakhota, uku ndi uku, monga momwe mayi wosenza mtolo wa nkhuni amakwerera chitunda.

Pampikisano wa dziko lonse sathamanga kamodzi ayi. Amathamanga maulendo angapo mozungulira zizindikiro zoyandama. Woyamba kufika amalembedwa 1, wachiwiri 2, motero mpaka womaliza, ndipo wopambana ndi amene chiwerengero chake chachepa koposa. Kawirikawiri ulendo umene munthu anachita moipitsitsa sauwerengera. Tsono chikho sichipita kwa wothamanga tsiku limodzi, koma kwa wodekha masiku onse.

Kuno kwathu okonda masewerawa anayambitsa magulu awo ku Blantyre ndi pa Kamuzu Dam ku Lilongwe. Mu 1984 panayambanso mpikisano waukulu pa Nyanja ya Malawi, wa mtunda woposa makilomita 500. Mabwato ankanyamuka ku Mangochi mwezi wa Julaye, kugona m'madooko osiyanasiyana, mpaka kukafika m'boma la Nkhata Bay, kwa anansi athu. Anasankha Julaye dala, chifukwa ndiyo nyengo ya mwera, mphepo yaukali yochokera kumwera.

Mwera womwewo asodzi amauopa, ndipo nyanja m'nyengo imeneyi si yoseweretsa. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inatembenuzika ndi mafunde kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anamwalira. Nanga bwanji anthu a timabwato tating'ono amalowa dala m'mphepo yotere nabwerako amoyo? Yankho lake si kulimba mtima, amayi, koma kukonzeka.

Wophunzira masewerawa amayenera kudziwa kusambira ndiponso kuvala jekete yoyandamitsa. Limodzi mwa maphunziro ake oyamba ndi kugwa. Aphunzitsi amatembenuza bwato dala pamadzi abata, kuti mwana azolowere kugwira bwato lake, kulidzutsa ndi kukweramonso. Tsiku la mpikisano bwato likatembenuzika, iye sachita phuma, chifukwa zimenezi anaziona kale. Kwina ana amayamba ali aang'ono ndi kabwato kotchedwa Optimist, kotalika mamita awiri ndi pang'ono, kamene amapikisana nako mpaka zaka 15.

Mwina mukuti, "Zimenezo n'za kunyanja, ife zikutikhudza bwanji?" Taganizani bwino. Ndi angati mwa ife amene amatsikira ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche kukagula usipa wodzagulitsa pa Jenda ndi pamsika wa pa boma? Ana athu amapita kunyanja ndi sukulu, ena amakagwira ntchito kumeneko, ena amakwatiwa komweko. Dzinja lililonse amawoloka mitsinje yodzaza popita kusukulu. Mwana amene tinangomuphunzitsa kuopa madzi, tsiku limene adzagweramo sadzadziwa chochita.

Makamaka ndikudandaulira za atsikana. Anyamata amaphunzira kusambira mobisa poweta ng'ombe, koma mtsikana timamuletsa, ati n'zosayenera. Madzi sasankha mwamuna kapena mkazi. Ngakhale pamasewera a Olympic amayi anapatsidwa mpikisano wawowawo wa mabwato a thanga mu 1988.

Choncho m'magulu athu, ku Embangweni, ku Edingeni, ku Champhira ndi kwina konse, tigwirizane izi. Mwana aphunzire kusambira pamalo osaya, odziwika kuti mulibe ng'ona, pali munthu wamkulu wodziwa kusambira. Tisakwere bwato lodzaza kwambiri, ngakhale tichedwe kumsika. Pamene pali majekete oyandamitsa, tivale osachita manyazi. Bwato likatembenuzika koma likuyandama, tiligwiritsitse, tisalisiye. Wina akamamira, timuponyere chingwe, nsungwi kapena chigubu chotseka bwino, osati kudziponya m'madzi tisakudziwa kusambira.

Ndipo mwana wanu, wamkazi kapena wamwamuna, akadzapeza mwayi wophunzira bwato la thanga, musafulumire kukana. Kambiranani ndi bambo a kunyumba, funsani ngati pali mphunzitsi ndi jekete, kenaka mloleni. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Tsalani bwino, amayi, tidzachezanso sabata yamawa.