Kutsutsana kwa Mawu Kulibe Nkhope Imodzi

Ana athu a m'sukulu za pulayimale amaloweza mawu otsutsana matanthauzo awiriawiri, usana ndi usiku, moyo ndi imfa, kugula ndi kugulitsa, ndipo ife aphunzitsi awo, pofuna kuti phunziro lithe msanga, timawathira onse m'dengu limodzi; komatu aliyense amene anapondako m'minda ya mpunga ya ku Lifuwu adziwa kuti sizili tero.

Taonani mlimi ali pa ngalande m'mamawa, matope afika m'maondo. Dzulo anatseka madzi, lero awatsekula. Anamanga thumba la mbewu, tsopano alimasula. Apa chinenero chathu chimangosintha mchira wa mawu, pakuti ntchito yachiwiri ifafaniza yoyamba. Kutentha ndi kuzizira nzina, popeza pakati pake pali kufunda, pamene pakati pa moyo ndi imfa palibe poima munthu.

Mu 1887, ku Warsaw, dokotala wa maso L. L. Zamenhof anasindikiza buku loyamba la Esperanto, chinenero chopanga yekha chimene anati chiyanjanitse mitundu ya anthu, ndipo pofuna kupeputsa katundu wa ophunzira, anaika kachidutswa kakuti mal- patsogolo pa mawu kuti tanthauzo litembenuke: bona, chabwino, malbona, choipa, fermi, kutseka, malfermi, kutsekula. Nzeruyi ndiilemekeza ndithu, koma inapitirira malire pamene dzanja lamanzere linatchedwa maldekstra, ngati kuti ndi lamanja lotembenuzidwa, chikhalirecho mpalasi wa bwato amawafuna onse awiri. Ngakhale mwini wakeyo anagonja atafika pa malonda, nasiya aĉeti ndi vendi, kugula ndi kugulitsa, akhale mawu awiri osiyana.

Ife pamenepo tinachita bwino koposa, chifukwa kugulitsa kunabadwa mwa kugula, monganso kubwereketsa mwa kubwereka. Ndipo mayi amene akutsitsa mtengo wa usipa padooko sali mdani wa msodzi, koma awiriwo agwira chingwe chimodzi, wina uku wina uko, kotero kuti mmodzi akachoka malonda afa.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphunzitsi asanalembe mndandanda wake pabolodi, ayambe wafunsa asodzi za mwera ndi mpoto, mphepo zimene zinapatsa maina kumwera ndi kumpoto, ndipo adzamuuza kuti tsiku limene mwera waleka si ndiye kuti mpoto wayamba.