Nkhondo ya zimbale: wodekha ndiye adapambana

Pa 19 February 2008, akuluakulu a kampani ya Toshiba adaitana atolankhani mumzinda wa Tokyo ku Japan n'kulengeza kuti asiya kupanga makina oonetsera mafilimu a mtundu wa HD DVD.

Pofika tsikulo n'kuti makina otere pafupifupi 1 miliyoni atagulidwa kale, ambiri mwa iwo ku America. Eni ake adatsala ndi katundu wanyuwani pabalaza, wogwira bwino ntchito, koma woti mafilimu ake atsopano ali pafupi kusiya kutuluka.

Nkhaniyi idachitikira kutali ndipo papita zaka. Komabe banja lililonse lomwe likusunga ndalama ya soya, fodya kapena ya geni kuti ligule chipangizo chamakono liyenera kuidziwa, chifukwa ikuonetsa poyera kuti ubwino wa makina uli pa zomwe munthu adzakhale akuikamo zaka zisanu zikubwerazo.

Gwero la nkhondoyi lidali TV zikuluzikulu zopyapyala zija. Chithunzi cha DVD wamba chimapangidwa ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika. Pa TV zakale zotupa kumbuyo chimaoneka bwino, koma pa sikirini yaikulu chimazimirira. TV zatsopanozo zimatha kuonetsa timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, komwe ndi kuchulukitsa kasanu. Filimu yotere singakwane pa chimbale cha DVD chomwe mulingo wake ndi 4.7GB.

Akatswiri adapeza njira. M'malo mwa kuwala kofiira komwe kumawerenga DVD, adagwiritsa ntchito kuwala kobiriwira ngati thambo, komwe kumawerenga timizere tothithikana kwambiri. Motero chimbale cha kukula komweko chidayamba kunyamula zambiri.

Vuto lidabuka pomwe makampani adalephera kugwirizana za mtundu umodzi. Toshiba idabwera ndi HD DVD, yonyamula 15GB. Sony ndi anzake monga Panasonic ndi Philips adabwera ndi Blu-ray, yonyamula 25GB. Zokambirana zoti aphatikize mitundu iwiriyi zidalephereka mu 2005. Zimbale zonsezi ndi zofanana kukula, koma chimbale cha Blu-ray sichimasewera m'makina a HD DVD, chimodzimodzinso cha HD DVD m'makina a Blu-ray.

Mu April 2006, makina a Toshiba adafika m'masitolo a ku America pamtengo wa madola 499. Mu June chaka chomwecho, Samsung idatulutsa makina oyamba a Blu-ray pamtengo wa madola pafupifupi 1 000.

Nawo makampani opanga mafilimu adagawikana. Universal idaima ndi HD DVD. Sony Pictures, Disney ndi 20th Century Fox adaima ndi Blu-ray. Mu August 2007, Paramount idasiya Blu-ray n'kutsalira ku HD DVD kokha. Choncho kumapeto kwa chakacho, filimu ya Transformers imapezeka pa HD DVD pomwe ya Spider-Man 3 imapezeka pa Blu-ray. Banja lofuna kuonera zonse ziwiri m'chithunzi chapamwambacho kawirikawiri limayenera kugula makina awiri. Akuluakulu adanena kale kuti njovu zikamamenyana, wovutika ndi udzu.

Anthu ambiri ku America ndi ku Ulaya adangoti manja lende, kudikira. Ena adali asadaiwale za nkhondo ina ya matepi a vidiyo, pakati pa Betamax ya Sony, yomwe idatuluka mu 1975, ndi VHS ya kampani ya JVC, yomwe idatuluka mu 1976. VHS idapambana, moti mu 1988 Sony yomweyo idayamba kupanga makina a VHS. Ena adawerengera n'kupeza kuti makina okhawo sakwanira: pamafunikanso TV yatsopano, chingwe cha HDMI, ndi zimbale zodula kuposa DVD. Popanda izi, chithunzi sichisiyana kwenikweni ndi chomwe adali nacho kale.

Chomwe chidathetsa nkhondoyi sichidali kukongola kwa chithunzi, pakuti anthu wamba samatha kusiyanitsa mitundu iwiriyi ndi maso. Mu November 2006, Sony idatulutsa makina a masewero a PlayStation 3 okhala ndi Blu-ray m'kati mwake. Aliyense wogulira mwana makinawa amakhala walowetsa Blu-ray m'nyumba, afune asafune. Microsoft nayo imagulitsa HD DVD ya makina ake a Xbox 360, koma ngati chipangizo chapadera cha madola 199, chomwe ambiri sadachilabadire.

Kenako pa 4 January 2008, kampani ya Warner Bros., yomwe imatulutsa mafilimu ake pa mitundu yonse iwiri, idalengeza kuti itsalira ku Blu-ray. Pa 15 February, sitolo za Walmart zidati zisiya kugulitsa HD DVD. Patangotha masiku anayi, Toshiba idagonja.

Omvetsa chisoni kwambiri ndi omwe adakopeka ndi kutsika kwa mtengo. Mu November 2007, Walmart idagulitsako makina a Toshiba pa madola osakwana 100, ndipo anthu adakhamukirako. Mu January 2008, Warner italengeza kale, Toshiba idatsitsanso mitengo. Amene adaona ngati atola chikwama adali akugula makina otsala ndi milungu yowerengeka. Mtengo ukagwa modzidzimutsa, wogula wanzeru amayamba wafunsa chomwe wogulitsa akudziwa chomwe iye sakuchidziwa.

Ku America, ogulawo adapukutidwako misozi. Sitolo za Best Buy zidapereka makadi ogulira katundu wa madola 50 kwa omwe adagula makina a HD DVD kumeneko, ndipo mu 2009 Warner idalola anthu kusinthitsa mafilimu awo ndi a Blu-ray powonjezera kandalama pang'ono. Izi zimatheka komwe kuli malisiti ndi masitolo oopa kuipitsa mbiri. Munthu wogula chipangizo pa benchi tsiku la msika ku Mponela, Jenda kapena Luchenza, sabata yotsatira akhoza kupeza pamalopo pali wogulitsa tomato.

Ena angatsutse kuti aliyense akamadikira, palibe chatsopano chingafike pamsika, ndipo mitengo imatsika chifukwa ena adayamba agula modula. Izi n'zoona. N'zoonanso kuti chithunzi cha Blu-ray pa TV yaikulu n'chokongola zedi, komanso kuti makina a HD DVD aja sadasanduke zinyalala, popeza amaseweranso DVD wamba. Koma oyamba kugula azikhala omwe ndalama ikalowa m'madzi sagona ndi njala. Banja lomwe ndalama ya TV ikulimbirana ndi fizi ndi feteleza lilibe chifukwa cholipirira mkangano wa makampani a ku Japan.

Ngakhale wopambanayo sadadyerere nthawi yaitali. Mu 2007, nkhondo ili m'kati, kampani ya Netflix idayamba kuonetsa mafilimu kudzera pa intaneti. Mabanja ambiri adakhalabe pa DVD wamba, ndipo atasuntha adalumpha Blu-ray n'kupita pa intaneti. Mu 2019, Samsung, yomwe idatulutsa makina oyamba aja, idasiya kutulutsa makina atsopano a Blu-ray ku America. Mu 2024, Best Buy idachotsa zimbale za mafilimu m'masitolo ake.

Kuno kumudzi mitundu iwiriyi siidazike mizu. M'nyumba ndi m'malo oonetsera kanema m'misika, zomwe zidalamulira ndi VCD ndi DVD: mafilimu a ku Nigeria, a karate, ndi nyimbo za makwaya. Pambuyo pake padabwera fulashi ndi memori khadi, moti filimu lero imayenda m'thumba la malaya. Amalawi sadachite kupangana, koma adatsata nzeru yomwe ija ya odikira a ku America: adagula makina omwe zoikamo zake zimapezeka pafupi komanso motsika mtengo.

Nzeru imeneyi ikufunikabe, maka poti zipangizo zambiri zimabwera zogwiritsidwapo kale ntchito kapena zotumizidwa ndi achibale a ku Joni, ku UK ndi ku America. Zimbale zambiri za Blu-ray zidagawidwa m'zigawo: Africa ndi Ulaya ali m'chigawo B, America ali m'chigawo A. Makina a chigawo china akhoza kukana chimbale cha chigawo china. Komanso magetsi a ku America ndi a mphamvu ya mavoti 120 pomwe a m'dziko muno ndi 230, choncho chipangizo chopangidwira kumeneko kokha chikhoza kupsa tsiku loyamba. Safunsa adadya phula.

Asadatulutse ndalama, wogula adzifunse ngati zoika m'makinawo zikupezeka pamsika wa kwawo. Adziwe zina zomwe makinawo akufuna kuti agwire ntchito, kaya ndi TV ina, chingwe, intaneti kapena ndalama ya mwezi ndi mwezi. Afufuzenso ngati mmisiri wapafupi angawakonze akafa. Limodzi mwa mafunsowa likasowa yankho, ndi bwino kudikira kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu chimodzi chokha chomwe sichifuna kudekha. M'makabati ambiri muli zimbale za ukwati, chinkhoswe, ubatizo ndi maliro a agogo, zojambulidwa zaka za m'ma 2000 ndi 2010. Filimu ya ku Hollywood ikasowa pa chimbale imapezeka kwina, koma kanema wa ukwati wa bambo ndi mayi ali pa chimbale chimodzi chokhacho. Zimbale zokopera pa kompyuta zimaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi kukalika, ndipo malaputopu ambiri atsopano alibenso poika chimbale. Zomwe zidaonekera eni matepi a VHS, omwe lero amasowa poonera, zikubwera kwa eni DVD.

Anyamata okopera nyimbo ndi mafilimu m'misika akadali ndi makompyuta owerenga zimbale. Banja litenge chimbale cha ukwati chija sabata ino, lichikopetse pa fulashi, kope lina likasungidwe kwa mchemwali kapena mchimwene wokhala kwina. TV yatsopano ikhoza kudikira mpaka zokolola za chaka chamawa.