Chingwe cha magetsi: womanga ndani, mwini wake ndani?

Boma la Moçambique likufuna kuti pofika 2030 banja lililonse likhale ndi magetsi. Boma palokha silingakwanitse, choncho likuitana makampani kuti athandize. Ku Cuamba, kuno ku Niassa, kampani ya Globeleq ndi anzake anamanga malo opangira magetsi a dzuwa. Malowo anatsegulidwa mu 2023, ndipo EDM izigula magetsiwo kwa zaka 25. Ku Namaacha, m'chigawo cha Maputo, kuli ndondomeko yomanga makina opanga magetsi ndi mphepo, a mphamvu ya mamegawati 120.

Tikamva nkhani zotere timaganiza za makina okha. Koma magetsi sayenda okha. Amafuna chingwe chowatenga kumene apangidwa n'kuwafikitsa kwa anthu. Ku Namaacha chingwecho chiyenera kuyenda makilomita pafupifupi 40 kukafika ku Boane. Tsono funso n'lakuti: ndani amamanga chingwe, ndipo chikatha chimakhala cha yani? Yankho lake ndilo limatiuza amene adzachikonze chikaduka, ndi amene adzalipire.

Mmene amachitira ku Britain

Ku Moçambique kulibe makina a mphepo oimikidwa m'nyanja. Ku Britain aliko ambiri. Ena, monga a Hornsea One, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera kugombe. Magetsi ake amabwera kumtunda kudzera m'zingwe zoyalidwa pansi pa madzi.

Kumeneko, kuyambira mu 2009, amatsata njira iyi. Kampani yomanga makina imamanganso chingwe. Koma lamulo siliilola kukhala nacho mpaka kalekale. Chingwe chikayamba kugwira ntchito, kampaniyo iyenera kuchigulitsa kwa kampani ina. Bungwe loyang'anira magetsi, lotchedwa Ofgem, limachititsa mpikisano kuti lipeze wogula. Limawerengeranso ndalama zomwe womanga anagwiritsa ntchito, ndipo zomwe anamwaza mosasamala siziikidwa pa mtengo.

Wogulayo amalandira malipiro chaka ndi chaka kwa zaka 20 kapena 25. Chingwe chikakhala chakufa nthawi yaitali, malipiro ake amadulidwa. Motero ali ndi chifukwa chochisamalira. Zingwe za Hornsea One zinagulitsidwa mu 2021 pa mtengo woposa mapaundi 1 biliyoni.

Njirayi ili ndi vuto lake. Wogula amalandira chinthu chomwe sanamange yekha, ndipo zolakwika zina zimabisala pansi pa madzi. Mu 2015 zingwe za pa malo otchedwa Gwynt y Môr zinawonongeka kawiri, chaka chomwecho chimene zinapita kwa mwini watsopano. Msodzi wa ku Cóbuè akudziwa zimenezi. Pogula boti lakale, suyang'ana penti. Umagogoda matabwa, n'kuliza injini, usanapereke ndalama.

Phunziro la Cahora Bassa

Ifenso tinaona kale kufunika kwa chingwe ndi umwini. Magetsi a damu la Cahora Bassa ku Tete amapita ku South Africa pa chingwe cha makilomita oposa 1,400. Pa nkhondo ya zaka 16, nsanja zambiri zonyamula chingwecho zinagwetsedwa. Damu linalipo, madzi analipo, koma magetsi analibe njira yopita kwa wogula. Kwa zaka zoposa 10 malonda anaima, ngongole n'kumakula.

Umwini nawo unachedwa kubwera. Dziko linalandira ufulu mu 1975, koma Portugal inakhalabe ndi magawo 82 pa magawo 100 a kampani ya HCB, yomwe imayendetsa damulo. Pa 27 Novembala 2007 m'pamene Moçambique inatenga magawo 85, italipira madola 700 miliyoni a ku America. Zaka 32 zinadutsa. Kulandira chinthu chachikulu chotere si mphatso: pamakhala mtengo, tsiku ndi mapepala osainirana.

Zikutikhudza bwanji kugombe la Lago?

Midzi ya kugombe kuno ndi yotalikirana, pakati pali mapiri. Kukoka chingwe n'kodula, ndipo mphepo ya mwera, mvula ndi moto wa m'tchire zimagwetsa mapolo. M'malo otere magetsi angabwere m'njira ziwiri: chingwe cha EDM, kapena kamalo kakang'ono ka magetsi a dzuwa komangidwa ndi FUNAE, kampani kapena bungwe lothandiza. Kuyambira mu 2021 pali malamulo apadera a timalo totere, ndipo bungwe la ARENE ndilo limayang'anira.

Ngozi yaikulu imabwera pamene womanga akuchoka. Ngati sizinalembedwe kuti wolandira ndani, thiransifoma ikapsa aliyense amaloza mnzake. Amene amavutika ndi mayi wobereka usiku kuchipatala, msodzi amene nsomba zake zikuola, ndi mwana wasukulu wofuna kuwerenga.

Palinso nkhani ya malo. Lamulo la Malo la 1997 linaika mamita 50 mbali iliyonse ya chingwe cha magetsi kukhala malo otetezedwa, ngakhale chingwecho chili pansi pa madzi. Izi zingakhudze munda, nyumba kapena doko. Lamulo lomwelo limati anthu a m'dera afunsidwe kampani isanapatsidwe malo.

Mafunso ofunsa pamsonkhano

Akuluakulu a boma kapena a kampani akadzaitanitsa msonkhano kwa amfumu, musangoombera m'manja. Funsani mwaulemu mafunso awa:

1. Chingwe ndi makinawa akumanga ndani, ndipo ndalama zake ndi ngongole kapena thandizo?
2. Ntchito ikatha, mwini wake adzakhala ndani, kuyambira tsiku liti?
3. Ndani adzayese zipangizo asanazilandire?
4. Zikawonongeka tikanene kuti, ndipo adzakonza pasanathe masiku angati?
5. Ndani adzaike mtengo wa magetsi?
6. Amene munda kapena doko lake lakhudzidwa adzalipidwa motani?

Pemphani kuti mayankho alembedwe m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, awerengedwe pamaso pa onse, ndipo pepala limodzi lisungidwe kwa amfumu. Mawu a pakamwa amapita ndi amene anawanena. Pepala limatsala m'mudzi, ndipo inu amene mukuphunzira kuwerenga ndinu amene mudzalitsegule tsiku limene magetsi adzazime.