Mafalala Adakonzedwa Eni Ake Ali Momwemo

Aliyense amene adafikako ku Maputo akudziwa kuti mzindawu uli pawiri. Kuli mbali ya nyumba zosanja za simenti, kulinso ma bairro kumene kumakhala anthu wamba. Nkhani ya sabata ino ndi ya bairro ya Mafalala, ndipo ikukhudzanso anthu a kuno kumalire, ku Ulónguè, ku Dómuè ndi ku Zóbuè, kumene misika ikukula ndipo malo omangapo ayamba kusowa.

Nthawi ya atsamunda, mzindawu ukadali Lourenço Marques, msewu umene lero ukutchedwa Avenida Marien Ngouabi ndiwo udali malire. Munthu wakuda ankawoloka m'mawa kukagwira ntchito kwa azungu, madzulo n'kubwerera. Nyumba za ku Mafalala zidali za bango, matabwa ndi malata, zomangidwa pachidikha, moti mvula ikagwa madzi ankalowa mpaka kuchipinda.

Komatu m'timisewu topapatiza timeneto mudachokera anthu odziwika. Eusébio, katswiri wa mpira amene adagoletsa zigoli 9 pa chikho cha dziko lonse mu 1966, adabadwira komweko mu 1942. Alakatuli José Craveirinha ndi Noémia de Sousa adakhalako. Samora Machel ndi Joaquim Chissano nawonso adakhalako nkhondo ya ufulu isanayambe.

M'mizinda yambiri, dera lotere likafuna kukonzedwa amabwera ndi makina ogumulira, eni ake n'kusamutsidwira kutali. Ku Mafalala sizidatero ayi. Misewu ina idakonzedwa, ngalande zidakumbidwa, koma nyumba zakale za malata zilipobe. Achinyamata a bungwe la IVERCA adayamba kuyenda ndi alendo m'bairromo, kuwaonetsa kumene kudakhala anthu aja ndi kuwafotokozera mbiri yake. Adayambitsanso chikondwerero cha Festival Mafalala, chokhala ndi nyimbo, ndakatulo, magule ndi zakudya. Amayi a gule wa tufo, amene makolo awo adachokera kumpoto kwa Amakua, amavina atadzola mussiro kumaso. Mu 2019 kudatsegulidwa Museu Mafalala, nyumba yosungiramo mbiri imene ilinso ndi zipinda zogona alendo.

Chokoma cha derali n'chakuti zonse zili pamodzi. Khomo ili ndi logona banja, lotsatira ndi la kalipentala, kutsogolo kuli mayi wogulitsa makala ndi tomato, mzikiti ndi tchalitchi zili pafupi, ana akusewera mpira pabwalo. Mlendo akagula chakudya, ndalama imatsala kwa munthu wa pomwepo.

Tsono mavuto sadathe. Mvula yamphamvu imasefukirabe, zinyalala zimatseka ngalande, ndipo achinyamata ambiri alibe ntchito. Palinso vuto lina lobwera mwakachetechete. Dera likakongola, anthu a ndalama amayamba kulisirira, ndipo wosauka amanyengereka msanga. Ndalama amadya miyezi yowerengeka, koma pokhala pamapita mpaka kalekale.

Apa ndiye pofunika kumvetsa bwino, abale ndi alongo. Mu Mozambique nthaka ndi ya Boma, siigulitsidwa. Lamulo la Malo la 1997 lidavomereza ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT, kwa anthu okhala pamalo motsata mwambo wa makolo, ndiponso kwa mbadwa imene yakhala pamalo mwachilungamo kwa zaka 10. Lidavomerezanso kuti umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'deralo ndi wokwanira ngakhale palibe pepala.

Ndiye kuti mboni ya munthu ndi mnansi wake. Anansi akabalalika, umboni umapita nawo. Mphamvu ya anthu a ku Mafalala ili pomwepa: adakhalabe pamodzi ndipo akudziwa amene adakhala pakhomo lililonse.

Choncho msewu watsopano kapena msika ukamabwera kwanu, musakane chitukuko, koma pitani kumsonkhano wa amfumu kapena wa mlembi wa bairro mukafunse: agumula nyumba za yani, osamutsidwa apita kuti, mabenchi a mumsika agawidwa bwanji? Agogo asonyeze achinyamata malire, manda ndi zitsime zakale akadali ndi moyo. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Wobwera ndi ndalama adzapita, otsala ndi eni mudzi.